Mbiri yathu ili m'nthaka: gawo la sukulu ndi midzi pa ntchito yofukula zakale

Mbiri ya dziko lino yolembedwa papepala ndi yaifupi kwambiri. Zolemba zakale zotchula Amaravi ndi za Apwitikizi a zaka pafupifupi 400 zapitazo, ndipo zambiri zimene ana amawerenga kusukulu zimayambira nthawi ya David Livingstone, amene adafika kunyanja ya Malawi m'chaka cha 1859. Komatu anthu adayamba kukhala kuno kalekale, pepala ndi cholembera zisanafike. Mbiri ya anthu amenewo idatsalira m'nthaka: m'mapale a mbiya, m'mafupa, m'makala a moto umene adakoleza, m'zipangizo zamiyala ndi m'zithunzi zimene adajambula m'mapanga.

Amene amayamba kukumana ndi zinthu zoterezi kawirikawiri si akatswiri. Ndi mlimi amene akugalauza m'munda, mnyamata amene akukumba dothi la njerwa, woyendetsa chimakina cholambula msewu, kapena mwana woweta mbuzi amene wausa mvula m'phanga. Anthu amenewa akapanda kudziwa chimene aona, chinthucho chimatayidwa, kuphwanyidwa kapena kugulitsidwa, ndipo palibe angachibwezere pamalo pake. N'chifukwa chake kuphunzitsa ana asukulu ndi anthu akumudzi lero kumawerengedwa ngati gawo la ntchito yofukula zakale, lolemera mofanana ndi kukumba kwenikweniko.

Kodi kufukula zakale n'kutani?

Kufukula zakale, kumene pa Chingerezi amati archaeology, ndi maphunziro ofufuza moyo wa anthu akale pogwiritsa ntchito zinthu zimene anthuwo adasiya. Njira yapafupi yomvetsera ntchitoyi ndi kuganizira dzala la pakhomo. Zinyalala za dzulo zili pamwamba, za chaka chatha zili pansi pake, ndipo za nthawi ya agogo zili pansi penipeni. Munthu wokumba dzalalo mosamala, osasakaniza dothi, atha kudziwa zimene banjalo linkadya, ziwiya zimene linkaphikira, ngakhalenso nthawi imene lidasiya mtsuko n'kuyamba kutungira madzi m'ndowa zapulasitiki. Mabwinja ndi mapanga ndiwo madzala a anthu akale.

Pachifukwa ichi, phindu la chinthu chofukulidwa limadalira kwambiri malo amene chapezeka. Phale lotoledwa n'kuponyedwa m'thumba limangokhala phale basi. Phale lomwelo likapezeka lili pamalo pake, pambali pa makala, mafupa a ziweto ndi zotsalira za ng'anjo, limaulula kuti pamenepo padali mudzi wa alimi odziwa kusula chitsulo, ndipo makalawo amathandiza kudziwa kuti mudziwo udalipo liti. Chamoyo chilichonse, kaya mtengo kaya nyama, chimakhala ndi mtundu wina wa carbon umene umayamba kuchepa chamoyocho chikafa, ndipo theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5,730. Poyeza carbon wotsalayo, akatswiri amadziwa zaka za chinthu mpaka kufika pa zaka pafupifupi 50,000. Zakale kuposa pamenepo zimayezedwa ndi njira zina, monga kuyeza mchenga umene udazikwirira kapena kuyerekeza mafupa a nyama zopezeka nazo limodzi.

Malo amakumbidwa kamodzi kokha. Dothi likachotsedwa, dongosolo lake latha. Ndiye chifukwa chake ofukula amagawa malo m'timabwalo ndi zingwe ndi zikhomo, amapala dothi pang'onopang'ono ndi kachipande konga ka omanga nyumba, amasefa dothi lonse, ndipo amalemba ndi kujambula chilichonse asanachinyamule. Ntchito imene munthu wa khasu angaimalize m'mawa umodzi, iwo amaigwira mwezi wathunthu.

Zimene nthaka ya Malawi yaulula

Ku Uraha, m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza m'chaka cha 1991 nsagwada ya mtundu wina wa anthu oyambirira wotchedwa Homo rudolfensis. Nsagwadayo, imene idapatsidwa nambala UR 501, ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo ili m'gulu la zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa Homo padziko lonse. M'boma lomwelo, pamudzi wa Mwanganda, J. Desmond Clark adafukula m'zaka za m'ma 1960 mafupa a njovu pamodzi ndi zipangizo zamiyala.

Paphiri la Hora ku Mzimba, pa Fingira kumapiri a Nyika ndi pa Chencherere ku Dedza padapezeka mafupa ndi zipangizo za anthu amene ankakhalira kusaka nyama ndi kutola zipatso. Mafupa a makanda awiri a pa Hora, a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000, ali m'gulu la mafupa akale kwambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara amene akatswiri adakwanitsa kuwerengamo DNA. Zotsatira za kafukufuku ameneyu zidatuluka m'chaka cha 2022.

Alimi odziwa kuumba mbiya ndi kusula chitsulo adafika kuno zaka pafupifupi 1,700 zapitazo. Mitundu ya mbiya zawo imatchulidwa ndi maina a malo amene idayamba kudziwika: Nkope ku Mangochi ndiyo yakale kwambiri kum'mwera ndi pakati, kenaka Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi, pamene kumpoto kuli Mwabulambo. Mbiya za mtundu uliwonse zili ndi kaumbidwe ka mlomo ndi zolochalocha zakezake, kotero kuti katswiri akaona phale atha kunena nthawi yake. Malo onsewa si a m'mizinda. Ali m'minda, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri momwe anthu amatola nkhuni.

Chifukwa chophunzitsira anthu

Chifukwa choyamba n'chakuti zinthu zambiri zakale zimatulukira mwangozi. Zitsanzo ziwiri za ku Zambia zikuonetsa kusiyana kumene kumakhalapo. M'chaka cha 1921, anthu ogwira ntchito mumgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, adatulukira chigaza cha munthu wakalekale. Ntchito ya mgodi idapitirira, phanga limene mudali chigazacho lidakumbidwa lonse, ndipo akatswiri adakhala zaka pafupifupi 100 akutsutsana za msinkhu wake mpaka m'chaka cha 2020 pamene chidayezedwa kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chigazacho chili ku London mpaka lero, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, anthu amene ankakumba malo oikapo thanki ya madzi mu 1960 adapeza manda akale. Nkhaniyo idafika kwa akatswiri nthawi ikadalipo, ndipo malowo adafukulidwa mwadongosolo. Mikanda yagolide ndi mitanda yamkuwa imene idapezekamo idasintha zimene zinkadziwika pa malonda akale a chigawo chino cha Africa.

Chifukwa chachiwiri ndi chikayiko. Alendo akafika pagalimoto, kukhoma zikhomo m'munda, kusefa dothi tsiku lonse n'kumalongedza timiyala m'timatumba, n'zosadabwitsa mudzi ukaganiza kuti apeza golide kapena miyala yamtengo wapatali. Alendowo akachoka osafotokoza kanthu, ena amabwera usiku ndi makasu kudzafuna chumacho, ndipo m'mawa malo amakhala atawonongeka. Chikayiko chotere chitha kuika moyo pachiswe. Mphekesera za anamapopa zimene zidabuka m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 zidaonetsa zimene zingachitikire mlendo amene ntchito yake siyidafotokozedwe.

Chifukwa chachitatu ndi umwini. Kwa nthawi yaitali zotsatira za kafukufuku zakhala zikulembedwa m'Chingerezi chovuta, m'mabuku osindikizidwa kunja amene mphunzitsi wa kumudzi sangawaone. Zikatero, munthu wa ku Germany amadziwa za Uraha kuposa mwana amene akukulira m'mbali mwa phirilo. Munthu sangasamale chinthu chimene sadauzidwepo kuti ndi chake.

Ofukula akafika pamudzi

Ntchito yoyenda bwino imayamba khasu lisanakhudze pansi. Ofukula amayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo kuchokera pamenepo amadzera kwa bwanamkubwa, kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu, kwa nyakwawa mpaka kwa mwini munda. Pamsonkhano wa pabwalo amafotokoza zimene akufuna, nthawi imene akhale, kumene zinthu zofukulidwa zikasungidwe, komanso kuti maenje adzakwiriridwa ndipo mbewu zowonongeka zidzalipiridwa. Kuonetsa zinthu zenizeni kumathandiza kuposa mawu ambiri. Anthu akagwira okha kamwala kosongoledwa n'kuona kuti ndi mwala wamba umene sungagulitsidwe, nkhani ya golide imazilala.

Gawo lachiwiri ndi ntchito. M'madera ngati Karonga ndi Mzimba, anthu a m'midzi yozungulira akhala akulembedwa ntchito yokumba, kusefa, kutsuka ndi kusankhula zofukulidwa. Amene agwira ntchitoyi zaka zingapo amakhala ndi diso lakuthwa, lotha kusiyanitsa mwala wosweka wokha ndi mwala wosemedwa ndi munthu. Iwowa ndiwo amatsala pamudzi alendo akapita, ndipo ndiwo amayamba kumva munthu wina akapeza kanthu m'munda.

Gawo lachitatu ndi kutsekula malo. Tsiku loti mafumu, makolo ndi ana asukulu abwere kudzaona dzenje, kufunsa mafunso ndi kuyesa kusefa dothi limachotsa chinsinsi chimene chimabala mphekesera. Gawo lomaliza, limene limaiwalika kawirikawiri, ndi kubweza zotsatira. Kuyeza makala kapena DNA kumachitikira kunja ndipo kumatenga zaka. Zotsatira zikatuluka, mudzi uyenera kuzimva m'chilankhulo chake, pamsonkhano, pawailesi kapena pazikwangwani zopachika kusukulu.

Mafupa a anthu amafuna chisamaliro chapadera. Kafukufuku wa DNA wa m'chaka cha 2017 pa mafupa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere sadapeze chizindikiro chooneka cha magazi a alenje akalewa mwa Amalawi a lero amene adayezedwa. Izi sizichotsa ulemu woyenera mafupawo. Pachikhalidwe chathu manda ndi manda, ngakhale mwini wake asadziwike, ndipo mafumu ndiwo amayang'anira za manda. Mafupa akaoneka, ntchito iyenera kuima kaye kufikira eni dera atanena mwambo woyenera kutsatidwa.

Mankhamba: pamene akuluakulu adalozera akatswiri njira

Kuphunzitsa sikuchokera mbali imodzi. Chitsanzo chabwino ndi Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Mbiri yapakamwa ya Achewa imatchula Mankhamba ngati likulu la ufumu wa Maravi, kumene kunkakhala Kalonga. Katswiri wa kuno kwathu, Yusuf Juwayeyi, adatsata mbiri yapakamwayo pofuna malo enieni, ndipo atafukula adapeza mapale ambirimbiri, zipangizo zachitsulo, zinthu zamkuwa, zibangili za minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere ndi zidutswa za mbale za ku China. Zinthu zimenezi zidatsimikiza kuti m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 Mankhamba udali mzinda wamalonda wolumikizana ndi gombe la nyanja ya Indian. Buku lake lofotokoza ntchitoyi lidatuluka mu 2020.

Phunziro la Mankhamba n'lakuti mawu a akuluakulu ndi zofukulidwa pansi zimathandizana. Mawu amaloza malo ndi kupereka maina. Nthaka imapereka zaka ndi umboni wa zimene mawu adaiwala. Oumba mbiya a lero amadziwa kumene kumachokera dothi labwino ndi chifukwa chake mbiya ina imakhala ndi mlomo wotambalala. Akuluakulu ena amakumbukirabe pamene padali ng'anjo, kachisi wa mvula kapena linga lothawirako nkhondo. Nkhalamba yotere ikamwalira osafunsidwa, katswiri amadzatha zaka akufufuza chimene akadauzidwa tsiku limodzi.

Karonga: zofukulidwa zikatsala kwawo

Boma la Karonga ndilo lidapita patsogolo pa nkhani yobweza mbiri kwa eni ake. Nyumba yosungiramo zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga idatsekulidwa mu 2004, ndipo chionetsero chake chimayenda ndi mlendo kuchokera nthawi ya zinyama zikuluzikulu zotchedwa dinosaur, kudzera kwa anthu oyambirira, ufumu wa Angonde, malonda a akapolo ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mpaka kufika pa ulamuliro wa zipani zambiri. Chokopa ana kwambiri ndi chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chinyama cha zaka zoposa 100 miliyoni chimene mafupa ake adapezeka m'boma lomwelo. Katswiri wina wa kuno, Elizabeth Gomani, adali nawo m'gulu limene lidachipatsa dzinali mu 1993.

Apa mphunzitsi amakhala ndi mpata wokonza chisokonezo chofala. Kufufuza za ma dinosaur ndi maphunziro ena, oyandikana ndi kufukula zakale koma osiyana nako, pakuti zinyamazi zidatha zaka mamiliyoni ambiri munthu asanakhaleko. Munthu wa ku Uraha sadaonepo Malawisaurus.

Pambali pa chionetserocho, ku Karonga kuli wailesi ya m'dera ya Radio Dinosaur, imene imaulutsa m'zilankhulo za kumeneko. Wailesi imafika kumene basi ya ana asukulu singafike, ndipo imamveka kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Kwa okhala m'zigawo zina, nyumba zosungiramo zakale zili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, imene idatsekulidwa mu 1966, ku Mangochi ndi ku Mzuzu. Ku Mua, kufupi ndi Mankhamba, kuli malo a Kungoni amene adayamba mu 1976, ndipo amafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Zimene sukulu ingachite

M'phunziro la mbiri ku sekondale, ana amauzidwa kuti kufukula zakale ndi njira imodzi yodziwira mbiri, ndipo amaloweza maina ngati Nkope ndi Kapeni. Ambiri amalemba mayeso asanagwirepo phale lakale. Pali zinthu zingapo zosafuna ndalama zambiri zimene zingasinthe izi.

Choyamba ndi chingwe cha nthawi. Zaka mamiliyoni n'zovuta kuziganizira ngakhale kwa munthu wamkulu. Mphunzitsi atenge chingwe n'kunena kuti mita imodzi ikuimira zaka 1,000. Ufulu wodzilamulira wa 1964 ukhala pa masentimita 6 okha, kufika kwa Livingstone pa masentimita osakwana 17, mbiya za Nkope pa mita imodzi ndi masentimita 70, ndipo makanda a pa Hora pa mamita 14 ndi 16. Kuti afike pa nsagwada ya ku Uraha, ana ayenera kuyenda makilomita awiri ndi mamita 400. Mwana amene wayenda mtunda umenewu saiwala kuti mbiri yolembedwa ndi kachidutswa kakang'ono.

Chachiwiri ndi dzenje loyeserera. Mphunzitsi akwirire mumchenga zinthu za lero m'magawo atatu: pansi mapale a mbiya yatsopano yoswa dala ndi makala, pakati zitini ndi mabotolo, pamwamba mapulasitiki. Ana agawe malowo ndi zingwe, apale pang'onopang'ono, alembe pamene chilichonse chapezeka, kenaka afotokoze kuti anthu a gawo lililonse ankakhala motani. Lamulo lake n'lakuti zinthu zakale zenizeni zisagwiritsidwe ntchito, ndipo ana auzidwe momveka kuti kukumba pamalo enieni n'koletsedwa. Phunziro losafotokozedwa bwino litha kutulutsa ana okumbakumba m'mapanga.

Chachitatu ndi kufunsa agogo. Ana apite kwa akuluakulu kukafunsa kumene kudali mudzi wakale, tanthauzo la maina a mapiri ndi mitsinje, ndi nkhani za Akafula kapena Abatwa, anthu aafupi amene mbiri yapakamwa imati Achewa adawapeza kuno. Zimene amva azilembe ndi kuzijambula pamapu a dera lawo. Woumba mbiya kapena wosula makasu aitanidwe kusukulu kudzaonetsa luso lake.

Chachinayi ndi kuphunzitsa kuti zodziwika zimasintha. Kwa zaka zambiri malo a pa Mwanganda ankatchedwa pamene anthu akale adasendera njovu. Akatswiri atabwererako patapita zaka pafupifupi 50 ndi njira zatsopano zoyezera, adapeza zifukwa zokayikira ngati mafupawo ndi zipangizo zamiyalazo zidasiyidwa nthawi imodzi. Mwana amene wamva nkhani iyi amaphunzira kufunsa umboni, luso limene lidzamuthandiza ngakhale asadzakhale wofukula zakale.

Sukulu zingathenso kukonza zochitika zake pamasiku odziwika padziko lonse: 18 April, tsiku la malo ndi zipilala zachikumbutso, 5 May, tsiku la chuma chachikhalidwe ndi chachilengedwe cha Africa, ndi 18 May, tsiku la nyumba zosungiramo zakale.

Chongoni: zonenedwa ndi zosanenedwa

Palibe malo amene kufunika kwa maphunziro otere kumaoneka kuposa Chongoni ku Dedza. Derali, lalikulu makilomita 126.4 m'bwalo, lili ndi malo 127 a zithunzi za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira, zambiri za mizere ndi mabwalo, ndi zakale ndipo zimagwirizanitsidwa ndi Abatwa. Zoyera ndi za makolo a Achewa. Zina mwa izo ndi zamaonekedwe ngati nyama yotambasulidwa miyendo, zina ndi zilombo za gule. Malo amene alendo amaonetsedwa kawirikawiri ndi Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Chimene chidapatsa Chongoni ulemu wotere n'chakuti miyambo yokhudzana ndi zithunzizo ikadalipo. Kafukufuku wa akatswiri monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta adasonyeza kuti zithunzi zoyera zambiri n'zogwirizana ndi chinamwali cha atsikana, ndipo zina ndi za Nyau, za nthawi imene gule ankathawira kumapiri poopa Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda. Zubieta adadalira kwambiri amayi achikulire a m'deralo pomasulira zithunzizo.

Apa pali mfundo yovuta. Maphunziro a kusukulu amafuna kuti chilichonse chifotokozedwe poyera, pamene za kutsimba ndi za kudambwe zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Wotsogolera alendo amene angaulule zonse pamaso pa ana osavinidwa angakhumudwitse anthu omwe akufunika kuti asamale malowo. Njira yabwino ndi yakuti anamkungwi, akuluakulu a kudambwe ndi mafumu akhale nawo pokonza zimene zinenedwe kwa ana ndi kwa alendo. Mwana atha kuphunzira kuti chithunzi ichi chinkathandiza polangiza anamwali, osauzidwa malangizowo.

Zowononga zithunzizi zambiri n'za anthu osadziwa. Ana ndi alendo amalemba maina awo ndi choko, makala kapena penti pamwamba pa zithunzi. Osaka mbewa, abusa a ziweto ndi opita kukapemphera kumapiri amakoleza moto m'mapanga, ndipo utsi umadetsa mwala pamene kutentha kumausenda. Ena amathira madzi kuti chithunzi chiwale pojambula ndi foni, osadziwa kuti madziwo amasungunula utoto. Kudula mitengo yowotchera makala kumasiya miyala padzuwa ndi pamvula. Palibe mpanda kapena mlonda amene angateteze malo 127 obalalika m'mapiri. Oteteza enieni ndi midzi ndi sukulu zowazungulira.

Zopinga

Chopinga chachikulu ndi ndalama. Kafukufuku wambiri amalipiridwa ndi mayunivesite ndi mabungwe akunja, kotero ntchito yophunzitsa anthu imatha pamene thandizo latha. Sukulu yakumudzi imavutika kupeza galimoto yopititsa ana ngakhale pamalo apafupi. Akatswiri a kuno ndi ochepa, ngakhale kuti mayunivesite a boma ali ndi maphunziro a mbiri ndi chikhalidwe, monga a ku Bingu School of Culture and Heritage pa yunivesite ya MUST ku Thyolo.

China ndi chilankhulo. Mawu ambiri a maphunzirowa alibe ofanana nawo okhazikika m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Kyangonde, ndipo womasulira aliyense amapeka ake. Mawu ngati bwinja, dzala, phale, ng'anjo ndi mphero alipo kale ndipo amamveka; ndi poyambira pabwino.

Nkhani ya anthu oyambirira imakhudzanso chikhulupiriro cha makolo ambiri. Mphunzitsi wanzeru amaonetsa mafupa, amafotokoza mmene zaka zake zidayezedwera ndi zimene akatswiri amanena, popanda kunyoza chipembedzo cha mwana kapena kubisa umboni.

Pomaliza pali umphawi. Munthu amene moyo wake ukudalira makala, njerwa kapena kuphwanya miyala sangasiye chifukwa chongouzidwa kuti malowo ndi ofunika. Pamene anthu a m'dera alembedwa ntchito yotsogolera alendo, yolondera kapena yofukula, mawu oteteza malo amamveka mosavuta.

Lamulo ndi zoyenera kuchita mukapeza chinthu chakale

Boma lidakhazikitsa nthambi yoona za zinthu zakale mu 1967, ndipo lero ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula popanda chilolezo, kuwononga malo ndi zinthu zakale, komanso kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo. Limafunanso kuti wopeza chinthu chakale adziwitse boma, ndi kuti ntchito zachitukuko zimene zingawononge malo otere ziyambe zaunikidwa. Izi zikukhudzanso anthu a m'tauni, pakuti nyumba, misewu ndi mipope ya madzi zikumangidwa lero pamalo amene dzulo adali minda ndi mabwinja.

Mukapeza mapale ambiri pamalo amodzi, mafupa, mikanda, zipangizo zamiyala kapena zotsalira za ng'anjo, siyani kukumba pamalopo. Musanyamule, musatsuke ndipo musasonkhanitse zinthuzo pamodzi. Zijambuleni ndi foni zili pomwepo, muike pambali pake chinthu chodziwika kukula kwake monga cholembera, ndipo lembani malo ake bwinobwino. Ngati zili pamtunda poti mvula kapena ziweto zingaziwononge, zikwirireni pang'ono ndi dothi lomwelo. Kenaka dziwitsani mfumu ya deralo ndi ofesi ya bwanamkubwa, kapena nyumba yosungiramo zakale imene muli nayo pafupi. Mafupa akakhala a munthu, dziwitsaninso apolisi, pakuti si mafupa onse amene ndi akale.

Mukafika pamalo a zithunzi za pamiyala, musazigwire, musathirepo madzi, musalembepo kanthu ndipo musakoleze moto m'phangamo. Pitani ndi wotsogolera wa m'deralo, ndipo ngati muli ndi ana, apatseni pepala ndi pensulo kuti ajambule zimene akuona ali chapatali.